Tsiku Lomwe Apolisi Anga Anamanga Munthu ku Area 2

Ine ndine telala, ndipo kwa zaka khumi ndi zinayi makina anga akhala pakhonde la sitolo ya nsalu ku Area 2. Amene amaidziwa Old Town akudziwa makonde amenewa: mwenye m'kati ndi nsalu zake, telala panja ndi makina ake, kuti munthu akagula nsalu asayende mtunda kufuna womusokera. Ndasoka madiresi a maukwati, mayunifolomu a ana asukulu, ndi makatani a nyumba za ku Area 10 zomwe m'kati mwake sindinapondemo. Koma mukandifunsa ntchito yomwe ndinaisoka mtima uli dyokodyoko, ndikuuzani za zovala za apolisi atatu amene sanali apolisi.

Ntchitoyi anabwera nayo ndi mtsikana wina wa ku City Centre, wovala thalauzi, chikwama cha kompyuta kumsana, wolankhula mofulumira ngati akuthamangira minibasi.

"Mami, tikupanga sewero la pa TV, ma episodi sikisi," anatero. "Tikufuna mayunifolomu a apolisi atatu. Anthu andiuza kuti kuno kulibe wina koma inu."

Mawu omalizawo anandifika pamtima, sindibisa. Ndinamupatsa mpando, iye n'kundifotokozera nkhani yonse. Seweroli linali la kaboma kakang'ono kongopeka, komwe kuli polisi imodzi ndi sitolo imodzi ya mwenye. Wantchito wa m'sitolomo amunamizira kuti waba nsalu, apolisi am'manga osamufunsa n'komwe, ndipo tauni yonse igawikana pawiri. Pomwe ankafika pa gawo lachinayi n'kuti ine nditasiya kupalasa makina, kukamwa kuli yasa. Mtsikanayo ndiye analemba nkhaniyo, ndiyenso ankatsogolera kujambula, choncho tonse tinkangomutchula kuti dayirekita.

Asanachoke anandiuza chinthu chimodzi, ndipo anachibwereza kawiri.

"Koma mami, zisafanane kwenikweni ndi za apolisi enieni. Kalata yachilolezo tili nayo, koma anatiuza kuti mtundu ukhale wosiyana."

Ndinagwedeza mutu, koma mtima wanga sunagwedeze nawo. Apolisi enieni akhala akubwera pakhonde langa zaka zonsezi, wina kudzachepetsa thalauzi, wina kudzakulitsa m'chiuno zinthu zikamuyendera. Ndikudziwa pomwe pamakhala batani lililonse. Ndiye munthu andiuze kuti ndisoke chinthu chosafanana, dziko lonse lidzaone pa TV n'kumati telala wake anali wophunzira kumene? M'sitolomo munali nsalu za kaki ziwiri, ina yopita kobiriwira, ina yeniyeni ija. Ndinatenga yeniyeniyo. Kulakwa kumeneko n'kwanga, ndipo sindikugawana ndi munthu.

Mwini sitolo, amene ine ndimangowatchula kuti bwana, ndi mkulu wa imvi, wamfupi, wosasiyana ndi kofia yake yoyera. Anabadwira ku Lilongwe konkuno, ndipo Chichewa chawo ndi cha miyambi, choposa cha ana athu a masiku ano. Tsiku limenelo ankanamizira kupinda nsalu pafupi ndi chitseko, khutu lili kwa ife. Atamva kuti akufunafuna sitolo yojambuliramo, anatuluka.

"Sitolo mukuifuna kutali bwanji? Nanga iyi si sitolo?"

Sabata isanathe anali atapereka sitolo, ndipo anali atadziperekanso okha kuti asewere ngati mwenye wankhanza uja. Zinapezeka kuti paunyamata wawo sankaphonya kanema, ndipo ankalakalaka kudzadziona pa chinsalu. Wantchito wawo wonyamula mabelo, bambo wa ndevu amene amapemphera nawo mzikiti umodzi, anavomera kukhala wakubayo. Anaseka kwambiri. Akuti zaka zonsezi sanabepo ngakhale singano, ndiye aone mmene zimakomera.

Masiku amenewo pakhonde pathu panali ngati pa chikondwerero. Bwana ankayendayenda ndi pepala lawo, kuloweza mawu. Panali mzere umodzi womwe unkawavuta: "Anthu inu nonse ndinu akuba!" Akafika pamenepo ankauyamba bwino, kenako n'kuphulika kuseka, kapena kuunena mofatsa ngati akupereka moni. Dayirekita ankagwira mutu.

"Ankolo, mukwiye! Muziganiza kuti akuberani belo lonse!"

"Mwana wanga, ndikakwiya shuga amakwera," ankayankha motero.

Wapolisi wamkulu m'seweromo anali mphunzitsi wa kwaya ya ku tchalitchi china ku Area 13, munthu wofatsa woti nkhuku ikamutsekereza njira amailambalala. Tsiku lomwe anabwera kudzayesa yunifolomu, anakavalira kuseri kwa mabelo. Atatuluka sindinamuzindikire. Chifuwa chinatuluka, mayendedwe anasintha, ndipo wakabaza wina amene anaimika njinga pamalo olakwika anaikankha msangamsanga uku akuti, "Pepani bwana, ndikuchoka." Ine chimwemwe chinadzaza tsaya. Ndinaomba m'manja ndekha pakhondepo.

Dayirekita sanaombe nawo. Anazungulira munthuyo kawiri.

"Mami, izitu zafanana kwambiri."

"Pa kamera zidzaoneka zosiyana," ndinatero, ngati kuti kamera ndinaigwirapo. Nthawi yosokanso inalibe, ndipo anangopumira m'mwamba n'kuzilandira.

Tsiku loyamba kujambula zinthu zinakanika, ndipo chifukwa chake aliyense wa kuno achidziwa. Anthu athu akaona kamera, ntchito imaima. Akabaza ankadutsa kumbuyo kwa wapolisi kasanu kasanu uku akugwedeza mkono. Amayi ogulitsa nthochi anamanganso maduku n'kusendera pafupi. Bambo wina anaima pakati penipeni n'kuyamba kupereka moni kwa amayi ake ku Mitundu. Wapolisi akumanga wakuba, kumbuyo anthu makumi awiri akumwetulira. Pofika masana dayirekita anali atasasa mawu.

Apa ndi pomwe anabwera ndi nzeru yake, ndipo tonse tinaiyamikira. Anati tibise kamera. Imodzi ikhale pawindo la chipinda cham'mwamba tsidya la msewu, ina m'galimoto ya magalasi akuda. Tidikire sabata ziwiri anthu aiwale, kenako tijambule Loweruka m'mawa msewu utadzaza, popanda kuuza aliyense. Anthu akaona munthu akumangidwa adzachita zomwe amachita nthawi zonse, kuima n'kuonerera, ndipo zidzaoneka zenizeni.

"Nanga ine?" ndinafunsa.

"Inu mami muzingosoka ngati masiku onse. Mudzatuluka pa TV."

Ndidzatuluka pa TV! Ndinadzisokera diresi latsopano, ndinakamangitsa tsitsi, ndipo makina ndinawapukuta ndi mafuta mpaka anawala. Chinsinsi ndinasunga, ngakhale chinkandiyabwa pakamwa. Anzanga a makonde ena anangoti kapena ndapeza mwamuna.

Loweruka lija, cha m'ma teni koloko, msewu unali utadzaza monga mwa nthawi zonse kumapeto a mwezi. Foni ya bwana inalira kamodzi, chomwe chinali chizindikiro chathu. M'sitolo munamveka phokoso. Bambo wa ndevu uja anatulukira pakhomo akupepesuka, mpukutu wa nsalu uli m'manja, mphunzitsi wa kwaya atamugwira pakolala. Wapolisi wachiwiri anam'pinda manja n'kumuveka unyolo. Kenako khofi, lomwe anaphunzitsidwa kuti lisafike patsaya, koma linamveka mpaka kutsidya chifukwa wapolisi wachitatu anadziomba pantchafu. Ine miyendo ikupalasa makina, mtima ukuvina. Zinali kukoma kuposa mmene tinkayesera.

Bwana anatuluka n'kuima pakhomo. Analoza chala, osati kwa wantchito wawo yekha, koma msewu wonse monga anawauzira. Ndipo tsiku limenelo, mwa masiku onse, mzere uja unatuluka bwino.

"Anthu inu nonse ndinu akuba!"

Msewu unangoti zii. Ndinamva ngakhale wailesi ya wogulitsa mafoni kutali uko. Ndinatsala pang'ono kuimirira kuti ndiwaombere m'manja.

Anayamba ndi mayi wogulitsa nthochi, amene amakhala pangodya ya khonde lathu. Anaika dengu pansi pang'onopang'ono.

"Mwati bwanji, bwana? Tabwerezani."

"Bambo ameneyu wanyamula mabelo pano zaka zingati?" anakuwa wina. "Lero wasanduka wakuba?"

"Apolisi awa adya kale! Akumanga munthu osamufunsa!"

Anthu anayamba kusendera. Mphunzitsi wa kwaya, poganiza kuti zikuyenda bwino, anakweza chibonga chake n'kunena mawu a pa pepala: "Aliyense abwerere m'mbuyo!" Kunali ngati kuthira palafini pamoto. Ndinayang'ana pawindo lija kuti dayirekita aimitse, koma iye, monga anadzandiuzira pambuyo pake, anali akulumphalumpha ndi chisangalalo poona kuti anthu akusewera bwino chotere osalipidwa.

Mwala woyamba unamenya chikwangwani cha sitolo. Wachiwiri unaswa galasi. Ndipo kumbuyo kwa gululo kunachokera mawu omwe sanali pa pepala lililonse.

"Azipita kwawo!"

Ena anawalandira, n'kuyamba kuwaimba ngati nyimbo. Wina anati abweretse petulo. M'sitolo ya nsalu, petulo.

Apa onse a m'seweromo anayesa kuulula, koma palibe anakhulupirira. Bambo wa ndevu anakuwa kuti, "Abale, ndi sewero!" Anthu anamuyankha kuti, "Musaope achimwene, tili nanu! Akuopsezani eti?" Mphunzitsi wa kwaya anavula chipewa n'kunena kuti: "Ine si wapolisi, ndimaphunzitsa kwaya." Wina anati, "Mwamumva? Wayamba kukana ntchito yake!" Dayirekita anali atatsika tsopano, akukankhana ndi misana ya anthu uku akukuwa kuti ndi filimu, koma kamtsikana kochepa thupi pagulu lotero ndani akanakamva? Kamera panalibe poti munthu n'kuiona. Chomwe aliyense ankaona chinali yunifolomu, ndipo yunifolomuyo inalibe polakwika.

Tsopano ndinene chomwe sindinkafuna kulemba. Ine ndinali pafupi kuposa aliyense. Mawu ndili nawo, Area 2 yonse imadziwa kuti ndikakalipa amandimva kumsika. Anthu onsewo amandidziwa ndipo akanandimvera. Koma sindinaimirire nthawi yomweyo. Ndinakhala.

Ndinakhala chifukwa mawu a bwana aja, ngakhale ndinawamva kambirimbiri akuwaloweza, tsiku limenelo anandilowa kwina. Ndinakumbuka kuti kuseri kwa sitoloyo kuli chimbudzi chomwe kiyi wake sindinamugwirepo, ndipo zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuyenda mpaka ku chimbudzi cha kumsika, mvula kaya dzuwa, ngakhale nthawi yomwe ndinali woyembekezera. Ndinakumbuka mmene mwana wamwamuna wa bwana amasechera matumba a antchito poweruka, anthu oti angamubereke. Ndinakumbuka tsiku lomwe lumo lawo linasowa, mmene maso onse anayambira kuyang'ana pa makina anga, ndi mmene linapezekera pansi pa nsalu popanda wonena pepani. Mbali ina ya mtima wanga inati, asiyeni, naonso amveko mmene zimakhalira. Sizinatenge nthawi yaitali, mwina kupuma kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Koma ndikuchita nazo manyazi mpaka lero.

Kenako ndinawayang'ana bwana. Kofia inali itagwa. Anali atagwira mphuthu ya chitseko, ndipo sankayang'ana gululo, ankayang'ana ine. Anali mkulu yemwe uja amene mwamuna wanga atamwalira anatseka sitolo tsiku lonse, n'kubwera mpaka kumudzi, n'kukhala pansi pa fumbi limodzi ndi azibambo. Mtima wanga wapachala uja, umene wandiyambanitsa ndi anthu ambiri, tsiku limenelo unagwira ntchito yabwino.

Ndinatenga lumo langa lalikulu n'kukwera pampando.

"Inu! Taimani kaye! Apolisi awa ndi anga! Ndinawasoka ndine!"

Ena anacheuka, koma mawu okha sakanakwanira. Kutsutsa galu n'kukumba. Ndinatsika, ndinamugwira mphunzitsi wa kwaya pamalaya, n'kulowetsa lumo pathumba la pachifuwa. Anatseka maso, kuyesa ndikumubaya. Ndinadula, kenako ndinang'amba ndi manja, ntchito yanga ya masabata awiri, kuchokera paphewa mpaka m'chiuno. Nsalu ya kaki inali yochepa, ndiye matumba onse m'kati ndinawasoka ndi zotsala za chitenje cha maluwa ofiira. Ndinalitembenuza thumbalo n'kulikweza m'mwamba.

"Wapolisi wa boma munamuonapo ali ndi thumba la maluwa?"

Ndinazula baji ya pachipewa n'kuitembenuza. Kumbuyo kwake kunkaoneka zilembo za chitini cha mkaka chomwe ndinaidulako.

Mayi wa nthochi uja anasendera, n'kugwira thumbalo ndi zala ziwiri.

"Iii! Ichitu ndi chitenje changa! Chotsala cha bulauzi yanga ija! Mayi inu, si munati sichinatsale?"

Munthu mmodzi anaseka. Bambo wa ndevu anaona mpata, anakoka manja ake mwamphamvu, unyolo wapulasitiki uja n'kuduka pawiri. Wojambula anatsegula windo lam'mwamba n'kutulutsa kamera, kuigwedeza kuti onse aione. Kuseka kunayambira kutsogolo n'kumapita kumbuyo, mpaka msewu wonse unagwa nako. Mnyamata amene anali ndi mwala m'manja anauponya pansi mwakachetechete, n'kupukuta dzanja pathalauzi. Ndipo musadabwe, anthu omwewo anatembenukira kuwindo n'kuyamba kugwedeza mikono. Wina anafunsa kuti zidzaoneka liti.

Ine ndinangokhala pansi pakhonde ndi diresi langa latsopano. Dayirekita anafika akulira ndi kuseka nthawi imodzi, kupepesa kwa aliyense. Mphunzitsi wa kwaya anakhala pa belo, malaya ali pawiri, akuimba nyimbo yakutchalitchi chapansipansi. Anthu ankabwera kudzandigwira chanza ngati ndagoletsa chigoli. Tsiku lonselo ndinali mfumukazi ya Area 2, ndipo nkhaniyo ndinaifotokoza mwina kakhumi, koma gawo la kukhala lija ndinkalidumpha.

Bwana sanaseke nawo. Anatola kofia, anasesa magalasi okha osalola munthu kuwathandiza, ndipo anatseka sitolo dzuwa lili pamutu, chinthu chomwe sindinachionepo pa Loweruka.

Seweroli linadzatuluka patapita miyezi. Gawo limenelo anakalijambulanso kuseri kwa mpanda wa nyumba ina ku Area 10, ndi mwenye wina, ndi mayunifolomu obiriwira omwe ndinasoka monga anandiuzira poyamba paja. Ine sindikuonekamo. Koma zimenezo ndi za pambuyo, ndipo sizinandipweteke monga ndinkaganizira.

Chomwe chinandisowetsa mtendere chinali Lolemba lotsatira. Ndinafika m'mamawa ndili ndi mantha kuti ndipeza sitolo yotseka, kapena makina anga atawatulutsira mumsewu, poti yunifolomu ija ndiyo inayambitsa zonse. Ndinapeza bwana atatsegula kale, pagalasi losweka ataikapo katoni. Tinapatsana moni. Ndinayala nsalu, ndinalowetsa ulusi, koma iwo sanalowe m'kati monga amachitira. Anaima pafupi ndi makina anga, akuyang'ana msewu.

"Mayi, mawu aja a 'azipita kwawo', pa pepala panalibe," anatero.

"Panalibe, bwana."

"Amene anayambitsa ndikumudziwa. Bambo ake ndinkasewera nawo mpira kuseri kwa mzikiti. Mchombo wanga anaukwirira kuno, makolo anga agona kuno. Kwathu kumene akunenako ndi kuti?"

Ndinayang'ana pa singano.

"Zikomo pa zomwe munachita. Pakanapanda inu, bwenzi lero tikusesa phulusa." Anatembenukira kwa ine. "Koma ndinakuonani. Munakhala kaye."

Ndikanatha kunena kuti ndinachita mantha, kapena kuti lumo linasowa, ndipo mwina akanavomera kuti nkhani ithe. Koma munthu amene waona moto pakhomo pake sayenera kunamizidwa.

"Ee, bwana. Ndinakhala kaye."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndi nkhani yaitali. Ndi ya zaka khumi ndi zinayi, ndipo simuikonda. Mwina ndidzakuuzeni mawa."

Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako analowa m'sitolo. Ndinati basi, makina anga apite akafune khonde lina. Koma ndinamva chinthu chikukhwekhwerezeka pansi. Anatuluka akukoka mpando wawo wa kuseri kwa kauntala, wachikopa uja womwe sukhalidwa ndi munthu wina, n'kuuika pakhonde pambali pa makina anga, poyera, pomwe msewu wonse ukuona. Kasitomala wina anafika kudzafunsa mtengo wa nsalu, iwo n'kumuuza kuti abwerenso masana. Anakhala pansi n'kuika manja pamaondo.

"Mawa n'kutali, mayi. Yambani."

Ndinachotsa phazi pa makina, ndipo ndinayambira pa kiyi wa chimbudzi uja.